Feliya ndi Kabawuti Kobisala

Feliya anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala kwa Kaomba ndi makolo ake. Feliya ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mbande zake za fodya zikafike kumunda zili zamoyo.

Mbandezo anazivutikira. Miyezi iwiri yathunthu ankazithirira. M'mawa asanapite kusukulu, ankathirira. Madzulo akabwera kusukulu, ankathirira. Nazale inali kudambo. Chitsime chinali kumunsi kwake. Kheni yothirira inali yolemera. Mapewa a Feliya ankawawa tsiku ndi tsiku.

Kenako mvula inagwa. Inagwa masiku awiri. Nthaka inanyowa bwino. Nthawi yowokera inakwana.

Munda wawo unali kutali, kwa Njombwa. Amayi ake a Feliya, a Gladness, anatsogola dzulo lake. Anapita kukakumba mapando, timaenje towokeramo mbande. Feliya anatsala ndi abambo ake, a Moffat. Ntchito yawo inali yozula mbande.

Anayamba kuzula kukungocha. Anazula, anazula, mpaka misana inawawa. Anadzaza madengu asanu ndi limodzi. Dengu lililonse analifunditsa chiguduli chonyowa. Mbande yozulidwa sichedwa kufota. Iyenera kulowa m'nthaka tsiku lomwelo.

A Moffat anali ndi kagalimoto konyamulira katundu. Kanali kakale kwambiri. Kanali kakale kuposa Feliya. Chitseko chimodzi ankachimanga ndi chingwe. Anthu ankakamva kasanaoneke. A Moffat ankati ndi mwana wawo woyamba. A Gladness ankati ngati ndi mwana, ndiye ndi mwana wosamva.

Anakweza madengu kumbuyo. Anakwezanso chigubu cha madzi. Ananyamuka.

Msewu unali matope okhaokha. Kagalimoto kanaterereka kumanja. Kanaterereka kumanzere. A Moffat anangopukusa mutu. Anati walira mvula walira matope. Feliya anatsamira pampando. Maso ake ankatsekeka ndi tulo.

Mwadzidzidzi panamveka phokoso. Fuuu. Nthunzi yoyera inatuluka kutsogolo. A Moffat anaimitsa galimoto. Anazimitsa injini.

Pamalopo panalibe mtengo. Panalibe mthunzi. Kumanja kunali minda. Kumanzere kunali minda. Mitambo inali itachoka, ndipo dzuwa linali kukwera.

A Moffat anatsegula boneti. Anauza Feliya kuti aime patali, chifukwa injini inali yotentha. Anadikira. Anadikiranso. Injini itazizira, anasuzumira mkati.

Vuto analipeza. Paipi ya madzi inali itasomphoka. Paipiyo imamangidwa ndi kalamba kachitsulo. Kalambako kamamangidwa ndi kabawuti kakang'ono. Kabawutiko kanali katamasuka. Madzi onse anali atatayika.

Feliya anakwera pa tayala. Nayenso anasuzumira. Kabawuti kanali kumbuyo kwa injini. Kanali pansi, pamalo othina. Uku chitsulo, uko chitsulo. Kankangooneka mutu wokha. Pamutupo panali kamzere kamodzi.

"Kanthu kakang'ono aka," anatero a Moffat. "Tinyamuka posachedwa."

Feliya ankawadziwa mawu amenewo. Abambo ake akati posachedwa, munthu ukhoza kutereka nyemba mpaka zipse.

A Moffat anatenga thumba la zipangizo. Anatulutsa sikuludiraiva. Analowetsa dzanja. Sikuludiraiva inagunda chitsulo. Go. Inali yayitali. Sinalowe.

Anatulutsa pulayazi. Analowetsa dzanja. Pulayazi inagunda chitsulo. Go. Inali yonenepa. Sinalowe.

Anatulutsa mpeni. Mpeni unalowa pang'ono. Koma nsonga yake inapindika. Kabawuti sikanasunthe. A Moffat anatulutsa dzanja. Linali lakuda ndi oyilo, ndipo chala chimodzi chinali chitasupuka.

Feliya anapita kumbuyo. Anavundukula chiguduli. Mbande zinali bwinobwino. Masamba anali chilili. Koma chiguduli chinali chitayamba kuuma. Feliya anawaza madzi a m'chigubu.

Kutsogolo kunkaoneka malata akung'anima. Kunali kamsika. Kunali chigayo ndi timagolosale. A Moffat anati kuchigayo sikungasowe zipangizo. Koma iwo sakanasiya galimoto ndi mbande pamsewu. Ndiponso msana wawo unali utakana.

"Ndipita ine, Ababa," anatero Feliya.

Feliya anathamanga. Matope anakakamira kumapazi. Mapazi analemera. Anathamangabe.

Kuchigayo anapeza a Tsoka, oyendetsa chigayo. Anali mbuu ndi ufa, kumutu mpaka kumapazi. Feliya anagwada. Anafotokoza za galimoto. Anapempha sikuludiraiva.

A Tsoka anali munthu wabwino. Koma moyo wawo wonse ankagwira zitsulo zikuluzikulu. Anati galimoto ndi chinthu chachikulu. Anati chinthu chachikulu chimafuna chipangizo chachikulu. Anasankha sikuludiraiva yaikulu kuposa zonse. Inali yayitali ngati mkono wa Feliya.

Feliya anathokoza. Anainyamula paphewa. Anathamanga kubwerera. Inali yolemera.

A Moffat ataiona, anaseka. Kunali kuseka kwa munthu wotopa. Anayesabe. Go. Sinalowe. Sinayandikire n'komwe.

Feliya anapita kumbuyo. Anavundukula chiguduli. Masamba ena anali atayamba kugwa. Anawazanso madzi. Chigubu chinafika pakati.

"Ndipitanso, Ababa."

Feliya anathamanga kachiwiri. Koma tsopano ankathamanga pang'ono, n'kuyenda pang'ono. Dzuwa linali pamutu. Thukuta linalowa m'maso.

Anabweza sikuludiraiva kwa a Tsoka. A Tsoka anadabwa kuti yakanika. Anamulozera kwa a Yassin, okonza njinga. A Yassin ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango.

Feliya anagwada. Anafotokoza za galimoto. Anati akufuna sikuludiraiva yaifupi. A Yassin anafunsa kuti yaifupi bwanji. Feliya anaganiza. Anatambasula manja. Anawabweza pang'ono. Anawatambasulanso. Kunena zoona, sankadziwa.

A Yassin anasankha imodzi. Inali yaifupi ndithu. Inali ndi chogwirira chofiira. Feliya anaikonda. Mtima wake unati iyi ndiye yomweyo.

Anabwerera. Miyendo inkawawa. Kukhosi kunauma.

A Moffat analowetsa dzanja. Sikuludiraiva inalowa. Inalowa, inalowa. Kenako chogwirira chinagunda chitsulo. Go. Inatsala pang'ono. Inatsala pang'ono zedi. Koma sinakhale pa kamzere.

A Moffat anayesa chopendeka. Anayesa atagona pansi pa galimoto. Anayesa ndi dzanja lamanzere. Zonse zinakanika. Anatuluka ali matope mpaka m'makutu. Anakhala pansi. Sananenenso kuti posachedwa.

Feliya anapita kumbuyo. Anavundukula chiguduli. Mbande zinali zitawerama. Masamba anali lende. Anawaza madzi otsala. Chigubu chinatha.

Feliya anakhala pansi pafupi ndi abambo ake. Anakumbukira kheni. Anakumbukira chitsime. Anakumbukira miyezi iwiri ija. Misozi inatsika yokha. Anali wotopa. Anali wachisoni. Analinso wokwiya, koma sankadziwa woti amukwiyire.

A Moffat anamugwira paphewa.

"Pepa, mwanawe," anatero. "Wathamanga kwambiri. Koma kuthamanga si kufika."

Khwangwala anadutsa. Ngolo ya ng'ombe sinabwere. Galimoto ina sinabwere. Msewu wamatope anthu amauthawa.

Feliya anayang'ana munda wa pafupi. Kumeneko mayi wina ankakumba mapando. Anali ndi kamtengo m'manja. Ankagoneka kamtengo, n'kukumba. Ankagonekanso kamtengo, n'kukumba. Sankaganizira. Ankayeza. Amayi ake a Feliya nawonso amatero. Aliyense wolima fodya amatero.

Feliya anapukuta misozi. Anaimirira. Anathyola kaudzu kouma m'mbali mwa msewu. Anakwera pa tayala. Analowetsa dzanja lake laling'ono. Anaika nsonga ya kaudzu pamutu pa kabawuti. Pamene kaudzu kanagunda chitsulo, anatsina ndi chikhadabo. Anakatulutsa. Anakadula pomwepo.

Kaudzu kanatsala kakafupi. Kanali ngati chala chake chapakati.

"Malo ake ndi awa, Ababa," anatero Feliya. "Chipangizo chisapose apa."

A Moffat anayang'ana kaudzu. Anayang'ana mwana wawo. Anadzimenya pachipumi ndi dzanja la oyilo. Pachipumi panatsala chizindikiro chakuda. Anati iwo akhala akuwokera fodya zaka makumi awiri, koma lero anaiwala kuyeza.

Feliya anamanga kaudzu pansonga ya chitenje. Anatenga chigubu chopanda madzi. Ananyamuka kachitatu. Ulendo uno sanathamange. Mphamvu zothamangira zinali zitatha. Anayenda. Phazi limodzi, phazi lina. Phazi limodzi, phazi lina.

Anafika kwa a Yassin. Anabweza yofiira ija. Anamasula kaudzu. A Yassin anakhuthula bokosi lonse pansi. Anayeza iyi. Yayitali. Anayeza iyo. Yayitali. Anayeza zonse. Zonse zinali zazitali.

A Yassin anapepesa. Anamuuza kuti asavutike n'kupita kwa a Tsoka.

Feliya anayenda pang'ono. Miyendo inakana. Anakhala pakhonde la golosale. Anaika chigubu pambali. Anatsamira khoma.

Pakhondepo panali telala. Dzina lawo linali a Patuma. Anavala mpango wobiriwira kumutu. Ankasoka yunifolomu ya sukulu. Makina ankati tekete tekete tekete. Ataona Feliya, anasiya kupalasa.

"Mwana iwe, wadutsa pano katatu," anatero a Patuma. "Ukufuna chiyani?"

Feliya anafuna kuyankha. Koma ludzu linali litamugwira. A Patuma anamupatsa madzi m'kapu. Feliya anamwa onse. Anamupatsanso chitumbuwa. Feliya anadya. Kenako anafotokoza. Anafotokoza za mbande. Anafotokoza za kabawuti. Anaonetsa kaudzu.

A Patuma anakalandira ndi manja awiri. Sanaseke. Anachotsa tepi m'khosi. Anayeza kaudzu bwinobwino. Anati munthu wobwera ndi muyeso savuta kumuthandiza. Ovuta ndi aja amangoti mundisokere ya mwana wamkulu pang'ono.

Anatsegula kabokosi ka m'mbali mwa makina. Munali ulusi. Munali mabatani. Munali singano. Anafufuza pansi. Anatulutsa kasikuludiraiva.

Kanali kakafupi. Kanali konenepa kuchogwirira. Kanali kakuda ndi ukalamba. Ndi kamene a Patuma ankamangira singano ya makina awo.

Anakagoneka pafupi ndi kaudzu. Feliya anayang'ana. A Patuma anayang'ana. Kaudzu kanaposa pang'ono. Kasikuludiraiva kanali kakafupi kuposa kaudzu.

Feliya anamwetulira.

"Ndili nako kamodzi komweka," anatero a Patuma. "Kanabwera ndi makinawa. Singano ikathyoka popanda aka, ntchito yanga yaima. Ukabweze lero."

"Ndibweza lero, Amayi," anatero Feliya.

Anakamanga pansonga ya chitenje. Anamanga mfundo ziwiri. Anapita pamjigo. Anadzaza chigubu. Anayesa kuchisenza. Chinakana kukwera pamutu.

A Yassin anamuona. Anasiya tayala lomwe ankamata. Anatenga njinga yawo. Anamanga chigubu kutsogolo. Anakweza Feliya kumbuyo. Feliya anagwira malaya awo. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, miyendo yake inapuma.

Anapeza a Moffat atavula malaya. Anali atawafunditsa pa dengu lina. Msana wawo unali padzuwa.

Feliya anamasula mfundo. A Moffat analandira kasikuludiraiva. Anakatembenuza. Anati aka n'koseweretsa ana. Anayesabe. Kanalowa. Sikanagunde chitsulo. Koma dzanja lawo linali lalikulu. Linadzaza malo onse. Silinathe kupotoza.

A Yassin anayesa. Dzanja lawonso linali lalikulu.

Onse awiri anayang'ana Feliya.

A Moffat anakhudza injini. Inali yozizira. Ananyamula Feliya, n'kumugoneka chamimba pamwamba. A Yassin anamugwira miyendo. A Moffat anakankhira paipi m'malo mwake, n'kuigwira.

Feliya analowetsa dzanja. Sankaona kanthu. Ankangofufuza ndi zala. Anapeza mutu wa kabawuti. Anapeza kamzere. Anaika nsonga. Kanakhala.

"Potoza ngati ukutseka botolo," anatero a Moffat.

Feliya anapotoza. Kabawuti kanasuntha. Anapotozanso. Kanasunthanso. Kasikuludiraiva kanaterereka. Anakagwira kasanagwe. Anayambiranso kufufuza. Zala zinawawa. Mkono unachita dzanzi. Anapotoza, anapotoza, anapotoza. Kenako kabawuti kanakana kusuntha.

A Moffat anakoka paipi. Sinasomphoke. Anakoka mwamphamvu. Sinasomphoke. Anatsitsa Feliya. Anangomupukuta kumaso ndi chala, n'kumupaka oyilo pamphuno.

Madzi anawagawa pawiri. Ena anathira m'galimoto. Ena anawaza pa ziguduli. Anayang'ana pansi pa injini. Sipanadonthe kanthu.

A Moffat analiza galimoto. Inatsokomola. Inatsokomolanso. A Yassin anakankha. Injini inalira.

Pakamsika anaima. Feliya anatsika. Anapukuta kasikuludiraiva ndi chitenje. Anagwada, n'kukapereka kwa a Patuma. A Moffat anathokoza ali kuchiwongolero, chifukwa ankaopa kuzimitsa injini. A Tsoka anatuluka m'chigayo kudzaona. Ataona kachipangizoko, anakana kukhulupirira.

Anafika kwa Njombwa dzuwa litapendeka. A Gladness anali chiimire pamutu pa munda. Anali ndi khasu m'manja. Anali atadikira tsiku lonse. Anali ndi mawu ambiri okonzeka. Koma anaona mapazi a Feliya. Anaona msana wa a Moffat. Mawu aja anawameza.

Anavundukula ziguduli. Mbande zinali zofota. Zinali zofewa ngati ndiwo zofutsa. Feliya anayang'ana kumbali.

A Gladness anati palibe nthawi yolira. Anaitana azakhali a Feliya, a Agnesi, omwe ankakhala pafupi ndi mundawo. A Agnesi anabwera ndi anzawo atatu. Onse analowa m'mizere.

Mbande m'phando. Dothi. Kutsindira. Mbande m'phando. Dothi. Kutsindira. Feliya nayenso anawokera. Anawokera mzere umodzi. Anawokera wachiwiri. Pa wachitatu ankayenda ndi maondo.

Dengu lomaliza linatha dzuwa likulowa. Feliya anayang'ana munda. Mbande zonse zinali zitagona pansi. Palibe imodzi yomwe inaima.

"Zafa, Amayi," anatero Feliya.

"Tiona mawa," anatero a Gladness.

Feliya sanamve zina. Anakhala pamzere. Mutu unagwera pamaondo. A Moffat anamubereka, ngakhale msana wawo unkawawa. Anapita naye kunyumba kwa a Agnesi.

Kutacha, Feliya anamva dzanja pamutu pake. Anali amayi ake. Mapazi awo anali onyowa ndi mame. Anali atapita kale kumunda.

Feliya anadzidzimuka. Anafuna kuimirira. Miyendo inali yolemera. Anaopa kufunsa.

A Gladness anatsegula zenera. Munda unkaoneka pomwepo. Feliya anasuzumira. Mizere inali ndi timadontho tobiriwira. Apa kamodzi, apo kamodzi, mpaka kumapeto. Zochepa zinali chigonere. Koma zambiri zinali zitadzutsa masamba. Zinali chilili.

Feliya anayang'ana nthawi yaitali. Anamva kukoma mumtima. A Moffat anabwera pazenera, nawonso anayang'ana.

"Nanga zithiriridwa ndi ndani?" anafunsa Feliya.

"Mvula," anatero a Gladness. "Ntchito yako yatha. Gona, mwanawe."

Anamufunditsa chitenje. Feliya anagona mpaka masana, ndipo palibe anamudzutsa.